Sakisofoni Pamaso pa Apongozi

Wilkins anali atangoika sakisofoni pakamwa pamene anaona mkazi wake Ireen akulowa, pambuyo pake pali amayi a Ireenyo ochokera ku Dowa. Mpweya wonse unamuthera.

Linali Lamulungu masana kwa Goodwin, malo akale a jazi ku Biwi, kumene anthu amadya nkhuku yootcha ndi chipisi bandi ikuimba. Woimba sakisofoni wakale anali atapuma pa ntchito, ndipo Wilkins, amene anatha chaka akuyenda ndi envulopu ya makalata ofunsira ntchito m'maofesi, anapatsidwa tsiku limodzi lokha loti amuyese. Lamulo la Bambo Goodwin linalinso limodzi: woimba aziyang'ana odya.

Tsoka lake, tebulo lopanda anthu linali lakutsogolo kwenikweni, ndipo Ireen ndi amayi ake anakhala pomwepo. Chikwatire, Wilkins anali asanayang'anizanepo ndi apongozi ake. Akakumana panjira, wina ankapatukira kumbali. Lero bwanji aime pamwamba pawo, masaya ali tuu ngati chule?

Anatembenuka nkuyamba kuimbira khoma.

"Iwe!" anatero Bambo Goodwin atafika m'mbali mwa siteji. "Khomalo lagula chakudya? Tembenuka!"

"Apongozi, bwana," ananong'ona Wilkins.

"Apongozi ako, makasitomala anga. Tembenuka kapena longedza."

Wilkins anatembenuka, navula chipewa, nagwada. Anaimba maso ali pansi, sakisofoni ikukhula simenti. Mawu ake ankatuluka ngati mbuzi yomangidwa pa njinga.

Amayi aja ataona mkamwini wagwada, sakanakhalanso pampando. Anatsika, nakhala pansi chammbali, nayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, kupereka moni. Odya anayesa kuti akuyamikira nyimbo, nawonso anayamba kuwomba. Bambo wina wa tayi, amene ankadzitama kuti jazi amaidziwa, anauza mnzake kuti umu ndi mmene akuimbira kunja masiku ano.

"Uwafunse aswera bwanji," amayi anauza Ireen.

"Amayi, ali pa ntchito. Pakamwa pali chitoliro."

"Ntchito yake yomweyi? Nanga agwadiranji anthu onsewa?"

"Akugwadira inu. Abwana awo akufuna aime, koma sangaime inu muli apa. Akapanda kuima, ntchito palibe."

Ireen analankhula akuseka, koma misozi inali pafupi. Iye ndiye anawakoka amayi ake kuti adzaone okha kuti mwamuna wake si lova, ndipo tsopano ankadziona kupusa.

Amayi anayang'ana Bambo Goodwin, amene anali atayamba kale kulozera Wilkins chitseko. Kenaka ananyamula mbale yawo ya nkhuku, nayenda chowerama pakati pa matebulo mpaka kukhitchini. Ophika anayesa kuwaletsa, koma iwo anali atadzipezera kale kampando pafupi ndi mbaula.

Wilkins anadzuka, mawondo ali mbuu. Anapuma kamodzi, naimba. Abale, mnyamata uja amaimba! Mafoloko anaima m'mwamba, wa ng'oma anayamba kumwetulira yekha, ndipo mayi wina anasiya chipisi chake nkuyamba kuvina ndi mpando womwe. Bambo Goodwin anatsitsa chala chija mwakachetechete nkuchilowetsa m'thumba.

Nyimbo zitatha, anaitana Wilkins.

"Lamulungu likubwerali ufike msanga," anatero. "Koma undiuziretu ngati kuli apongozi ena, ndiwakonzere malo."

Ireen anapita kukhitchini kukatenga amayi ake. Anawapeza akuphunzitsa ophika kathiridwe ka tsabola, mafupa a nkhuku ali mbee m'mbale.

"Pepani amayi, simunawaone akuimba."

"Ndiwaonerenji? Makutu ndili nawo," anayankha akusamba m'manja. "Ukawauze amuna ako kuti envulopu ija aisiye. Ndipo sabata yamawa ndibweranso. Undisungire kampando komweka."