Nambala Yotsala m'Makina a Abwana

Lachiwiri ntchito ya Alinesi inali yomweyo: kukolopa zipinda zisanu, kuchapa, kusita malaya a bambo Chikaonda, kuphikira agalu, kenako kuthamangira minibasi ya ku Mchesi kukayamwitsa khanda limene ankasiyira mng'ono wake. Kunyumba ya ku Area 12 kuja ntchito sinkatha.

Inali sabata yachitatu mutu ukumuwawa chakunkhongo, mtima ukugunda ngakhale atakhala pansi. Sanauze munthu. Mnzake amene ankagwira pamenepo kale, abwana anamuchotsa ntchito chifukwa chodwaladwala.

M'mawa umenewo, akupukuta fumbi kuchipinda kwa abwana, m'maso munachita mdima. Anagwira khoma. Chizungulire chitatha, anaona makina oyezera BP patebulo. Anali ataonapo mmene abwana amachitira. Anamanga lamba pamkono, nadina batani. Panatuluka 186. Tanthauzo sanalidziwe, koma nambalayo inkathwanima. Anazimitsa msanga, osadziwa kuti makinawo amasunga zimene ayeza.

Masana mayi Chikaonda anatuluka kuchipinda makina ali m'manja, nalunjika kwa amuna awo.

"Bambo a Mayankho! 186? Mukundibisira chiyani? Achimwene anu si mmene anayambira asanafe ziwalo?"

"Ine m'mawa inali 130, mayi. Mankhwala ndamwa kale."

"Ndiye wayeza ndi mphaka? Imwani ena awiriwa, tizipita kuchipatala."

Alinesi anaima pakhomo la kukhitchini. Akanena, ntchito yatha, mwana adya chiyani? Akakhala chete, bambo wokalambayo ameza mapiritsi a matenda a munthu wina. Tambula ya madzi inali itafika kale kukamwa kwa bamboyo.

"Madamu, asamwe. Ndayeza ndine."

Mayi Chikaonda anatembenuka.

"Wayamba liti kugwira zinthu za kuchipinda?" anafunsa mayiwo.

Koma bambo Chikaonda anali ataika tambula pansi, akumuyang'ana ngati aona mzukwa. "Iwe mwana, 186, uli chiimire? Mayi, zoweruza pambuyo. Makiyi a galimoto ali kuti?"

Kuchipatala namwino anamuyeza kawiri, napukusa mutu.

"Mumagona maola angati, achemwali? Mwadya chiyani lero? Zikakuvutani mumauza ndani?"

Namwinoyo anamasula lamba pamkono, napitiriza.

"Mukanagwa tsiku lililonse inu, osadzukanso. Mankhwala tikupatsani, koma okha sangakwanitse. Maganizo ndi kutopa zikukweza magazi anu. Muzipuma, muzidya pa nthawi yake, ndipo zina muzilankhula."

Ntchito sinathe, koma inamudyera zambiri. Anagona m'chipatala masiku atatu. Tsopano amamwa piritsi m'mawa uliwonse, ndiwo amadya za mchere wochepa. Amaweruka masana, choncho malipiro anawadula pakati, ndipo anasamukira m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mayi Chikaonda akamachoka amakiya kuchipinda, kiyi n'kuponya m'chikwama.