Kafukufuku wa Wílmer

M'chaka chathu chachitatu pa yunivesite, ife ophunzira uphunzitsi wa luso lamakono anatikakamiza kutenga phunziro la ziwerengero. Amene ankatiphunzitsa anali a Aristóbulo Cárdenas, bambo wamfupi wonunkhira mafuta odula, amene sankatembenuka ukawaitana kuti aphunzitsi. Unkayenera kunena kuti a Dokotala, ndipo unene momveka. Anakakhalako kunja miyezi ingapo, ndiye nkhani iliyonse ankaiyamba ndi "Kumene ndinali ine," ngati kuti enafe tinakulira kuphanga.

Ntchito ya teremu imeneyo inali kafukufuku. Bungwe lina linagawa makompyuta m'sukulu za kumidzi kuno ku Boyacá, ndipo ife tinayenera kukafufuza ngati ana ayamba kukhoza bwino chifukwa cha makompyutawo. A Dokotala anali atalonjeza kale kukalankhula za nkhaniyi kumsonkhano ku Bogotá, likulu la dziko lathu, choncho yankho ankalidziwa ife tisananyamuke n'komwe.

Ine ndi Yurani, mtsikana wosabisa mawu amene tinkakhala benchi limodzi, anatipatsa sukulu ya ku Alto del Viento. Mnzathu Wílmer Tibaduiza anamupatsa ina, kuseri kwa phiri lomwelo.

"Aise, tikwere basi imodzi," ndinamuuza.

"Ine? M'matope amenewo?" Anayang'ana nsapato zake zoyera mbee. "Pitani inuyo a Duván, okonda dziko lanu."

Tinapita. Basi inatisiya pamphambano, kwinako tinayenda pansi m'minda ya mbatata, mphepo ikutilowa mpaka m'mafupa. Mphunzitsi wamkulu, mayi Edelmira, anatipatsa khofi wotentha ndi arepa, timikate ta chimanga, kenako anatitsegulira kachipinda kena. Makompyuta anali chikhalire m'makatoni awo, atasanjikizidwa pakona, pamwamba atayalapo nsalu n'kuikapo chifanizo cha Maria Woyera. Magetsi anazima kalekale mtengo utagwera mawaya, ndipo palibe anabwera kudzakonza.

"Ndiye ana amaphunzira bwanji kompyuta?" anafunsa Yurani.

"Ndinawajambulira mabatani pakatoni, mwanangu. Amadina pamenepo."

Tinafunsa ana, tinafunsa makolo. Pafunso lakuti mwana amagwiritsa ntchito kompyuta kangati pa sabata, mzere wonse unali ziro kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Titabwerera tinampeza Wílmer m'kantini, mapepala ake a mafunso atawayala pakati pa mbale za empanada, timikate tokazinga ta nyama m'kati. Ankayankha yekha, uku akusinthasintha zolembera kuti zioneke ngati alemba anthu ambiri.

"Tandithandizani," anatero, milomo ili noninoni ndi mafuta. "Mwana wakumudzi angaikonde kompyuta 'kwambiri' kapena 'kwambiri zedi'?"

"Ulibe manyazi iwe," anatero Yurani.

"Ndawasiya kunyumba, chemwali. Kuno ndabwerera digiri."

Tsiku lofotokoza zotsatira litafika, a Dokotala anayang'ana pepala lathu ngati tawaikira khoswe wakufa patebulo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi zimene tapeza, a Dokotala," ndinayankha.

"Ziro yekhayekha? Ndiwerengerapo chiyani pamenepa? Kumene ndinali ine, sukulu yotere timangoichotsa. Imasokoneza chithunzi."

"Tichotse sukulu, osati tikonze magetsi?" anafunsa Yurani.

"Mtsikana iwe, ine si wamagetsi. Ndine dokotala."

Kalasi yonse inaseka. Iwo anamwetulira n'kukonza tayi, poganiza kuti tikuseka nthabwala yawo.

Kenako anaimirira Wílmer. Mzere wa pachojambula cha zotsatira zake unkakwera mosakhota ngati makwerero: kompyuta ikachuluka, malikisi nawo kuchuluka. A Dokotala anavula magalasi.

"Taonani! Iyi ndiye ntchito ya munthu amene wapondadi kumudzi."

"Msewu wake ndi wovuta, a Dokotala," anatero Wílmer, mutu atazyolitsa modzichepetsa. "Koma ndikaganiza za anawo ndinkapeza mphamvu."

Yurani sanadikire kuti amuloze. Ananena zonse: kantini, empanada, zolembera zosinthasintha. Anati ngati sakukhulupirira, anunkhize mapepalawo. A Dokotala anangoti nsanje ndi matenda a anthu olephera, ndipo anamuuza akhale pansi.

Wílmer anakhoza kuposa aliyense. Ife awiri tinalephera. Tinakadandaula kwa mkulu wa dipatimenti, yemwe anatimvetsera mwachifundo n'kutitumiza kukomiti yoona madandaulo. Titalowa m'chipinda cha komitiyo, pampando wa tcheyamani panali a Dokotala omwewo, akumwa khofi.

Ku Bogotá anthu anaomba m'manja. Abungwe aja anasangalala kwambiri ndi mzere wa Wílmer moti anatumizanso makompyuta ena m'sukulu zonse za kuphiriko. Mayi Edelmira anamuimbira Yurani lamya, mawu ali otsika.

"Mwanangu, mwakanena chiyani kumeneko? Abweretsanso ena. Ndiwaika kuti? Ana ayamba kale kukhalira makatoni."

Yurani sanabwererenso ku yunivesite. Anakalembetsa kusukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi. Anandiuza kuti kumeneko ukanamiza waya, magetsi amakumenya pomwepo, suchita kudikira komiti.

Ine ndinalibe mtima wotero, ndinabwereza phunzirolo. Tsiku loyamba a Dokotala analowa ndi wowathandiza watsopano, atavala jekete lomukulira mapewa, atawanyamulira chikwama. Anali Wílmer. Iwo anamupatsa mpata kuti alankhule kwa ophunzira, ndipo iye anatsokomola pang'ono n'kuyamba kutichenjeza za kuipa kopeka manambala. Ankalankhula pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba. Ana atsopanowo ankalemba mawu ake onse.

Potuluka anandigwira paphewa.

"Duván, mbale wanga, chaka chino mapepala ako ndichonga ndine. Usadandaule. Koma pamaso pa anthu uzinditchula kuti aphunzitsi."