Dzanja Lamanja la Wosoka Nsapato

Dzanja lamanzere la wosoka nsapato linakhala m'beseni la madzi ofunda mpaka zala zinachita makwinya. Mwana wake wamkazi, yemwe ankaphunzira zosamalira khungu ndi zikhadabo pasukulu ya ntchito zamanja, analivuula, n'kulipukuta, n'kuyamba kulikwecha ndi kamwala.

"Sizikupweteka, ababa?"

"Ndikungomva ngati ukupala mpando."

Wometa wa pashopu yoyandikana anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja.

"Achimwene, mukukwatiranso? Mlamu akudziwa?"

"Ndi mayeso a mwana. Loweruka akufuna aliyense abwere ndi munthu wa manja oipa, akonze dzanja limodzi aphunzitsi akuona. Ili ndi loyeserera, lamanjali ndi la mayesowo."

"Ngati akufuna manja oipa, ndiye mwana wakhoza kale."

Wosoka nsapato anaweramira dzanja lake. Maso ake anali pa tinyenyeswa toyera timene tinkagwera pathaulo.

"Zonsezi ndi ine?"

"Munali inu," anatero mwanayo. "Khungu lapamwambali ndi lakufa kale, lilibe magazi. Lamoyo lili pansi pake. M'menemo ndi momwe muli magazi, mitsempha yomvera ndi pochokera thukuta. Pansi pakenso pali mafuta."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikupatsa anthu moni ndi maliro?"

Pomaliza mtsikanayo anafika m'mbali mwa chikhatho, m'munsi mwa kachala komaliza, pamene panali mzere wouma gwa ngati nyanga. Anaukwecha mwakhama mpaka panasalala. Iye sanafunse kuti mzerewo unabwera bwanji, ndipo bambo ake akanafunsidwa sakanadziwa choyankha.

Yankho linapezeka m'mawa mwake. Wosoka nsapato anabaya soli, anakulunga ulusi wa nayiloni padzanja monga mwa masiku onse, n'kukoka. Ulusi unalowa pamene panali mzere paja, ndipo magazi anadonthera pansapato ya mwini.

Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, ndipo nsapato za ana zinali mulu pansi pa tebulo. Tsiku lonse anangomaliza zochepa.

"Dzanja latsala limodzi, bambo a mwana," anatero mkazi wake madzulo, akumanga bala ndi kansalu. "Ndipo ndi lomwe tikudyera."

"Ndipeza munthu wina, amayi," anatero mwanayo, maso ali pansi.

Anayesadi. Mmisiri womanga nyumba anati simenti ingamudye wamoyo. Mayi wochapa zovala anaseka n'kubisa manja m'khwapa. Wometa yekha ndi amene anadzipereka, koma manja ake anali ofewa ngati a khanda.

"Ndi manja amenewa aphunzitsi akandifunsa kuti ndakonzapo chiyani," anatero mtsikanayo. Akalephera Lowerukalo, anayenera kudikira chaka china.

Pamasiku omwewo wosoka nsapato anayamba khalidwe lachilendo. Ankangokhudza zinthu. Kapu ya tiyi imene kale ankaigwira ngati mwala inamuwotcha, ndipo m'malo mokwiya anaigwiranso ndi dzanja lamanja kuti ayerekeze. Anasisita chikopa n'kupeza kuti chili ndi mbali yoterera ndi mbali yokana. Anasisita tebulo, khoma, ndevu zake. Anafika posisita tsaya la mkazi wake.

"Kodi mwayamba liti zimenezi?"

"Ndikufufuza, mayi."

"Kafufuzeni nsapato za eni ake."

Anakafufuzadi. Analowetsa dzanja lamanzere m'nsapato ya mwana imene anali ataimaliza kale, ndipo chala chinakumana ndi kansonga ka msomali kuchidendene. Analowetsa lamanja, osamva kanthu. Analowetsanso lamanzere, kansonga kalipo. Kenako anatulutsa zonse zimene anali atamaliza n'kuyamba kuzipisa imodziimodzi.

Mwana wake anamupeza akuchita zimenezo.

"Tandiuza, adokotala. Khungu unachotsa lija libwerera?"

"Libwerera, koma patenga masabata angapo. Lapansi limapanga latsopano n'kumalikankhira pamwamba. Pamene pakukwecheka kwambiri limawonjezera."

"Limadziwa bwanji kuti apa mpamene pamadutsa ulusi?"

Mtsikanayo anaganiza. "Zimenezo sanatiphunzitse. Ndikafunsa."

"Ukafunse. Ndiye kuti thupi limadziikira lokha soli pamene pakutha." Anatembenuza dzanja lamanja n'kuliyang'ana ngati nsapato imene wina wabweretsa kuti ikonzedwe. "Ndipo soli yokhuthala imabisa minga, komanso imabisa njira."

"Ababa, musadandaule za Loweruka. Ndidzalemba chaka chamawa."

Wosoka nsapato anawerama n'kukoka katoni ya zidutswa za chikopa. Anasankha chofewa cha lilime la nsapato yakale, anachiyeza pachikhatho, anachidula, n'kuchisoka ngati kalamba. Atachivala anakulunga ulusi pamwamba pake n'kukoka pang'ono. Kenako anakoka mwamphamvu. Ulusi unaluma chikopa, dzanja osalikhudza, ngakhale mfundo yake inatuluka yopotoka.

"Yapotoka," anatero mkazi wake, yemwe anali atabweretsa chakudya.

"Ipotoka sabata ino. Sabata yamawa iwongoka."

"Nanga za ana a eni akezi?"

"Tiziwauza abwere mawa. Si mmene timawauzira kale?"

Anatenga chidutswa china n'kuchiyeza padzanja lamanja.

Loweruka m'mawa anavala malaya oyera n'kutseka shopu. Wometa anali kale pakhomo pake.

"Mkwati wanyamuka. Mukabwerako ndisakupatseni moni, ndingakuswereni dzanja."

Kusukulu anamukhazika pampando pakati pa alimi, amakaniko ndi gogo wina woluka madengu, aliyense beseni lake patsogolo. Mphunzitsi anatenga dzanja lake lamanja, analitembenuza uku ndi uku, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna. Mwana wake anathira madzi m'beseni.

"Mzere wa m'mbaliwu ndiusiye?" ananong'oneza.

"Chotsa wonse," anatero bambo ake, akuviika dzanja. "Nalonso ndikufuna ndimve kuti limamva zotani."