Seventini ndi Hafu

Maziko anaimika miyendo inayi ya mpando pa benchi. Itatu inali yofanana bwinobwino. Wachinayi unali waufupi, osati kwambiri, koma moti ngakhale mwana akanaona.

Munali m'holo ya sukulu ina ya ntchito zamanja kufupi ndi Kanjedza, nthawi itangodutsa leveni koloko. Ophunzira ukalipentala khumi ndi awiri ochokera m'sukulu zosiyanasiyana za mu Blantyre anali pa mpikisano. Aliyense anapatsidwa pepala lojambulidwa kampando kopanda choyedzamira, matabwa a mbawa okwanira ndendende, ndi maola asanu. Msomali sunkaloledwa. Thabwa lapadera panalibe, ukalakwitsa walakwitsa basi. Awiri oyamba akayamba ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi pa fakitale ina ya mipando ku Limbe, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukalowa kumeneko n'kugwira bwino, sakutulutsa.

Kwa Maziko, mtsikana wa ku Nsanje, nkhaniyi sinali yamasewera. Sukulu inkatha mwezi womwewo. Malume ake, a Laban, amene ankamusunga ku Nancholi, anali atamuuza kale mosapita m'mbali kuti shedi yawo ya m'mbali mwa msewu singadyetse akalipentala awiri. Akapanda kupeza pogwira, abwerera kwa mayi ake ku Nsanje kukalima.

Anatenga tepi n'kuyeza mwendo uja. Pepala linkafuna mamilimita 450. Mwendowo unkaperewera ndi asanu. Atatembenuza tepi ija anaona chimene chinachitika, ndipo anafuna kudzimenya mbama.

Tepiyo inali ya malume ake. Ku shedi kwawo milimita sayidziwa n'komwe, zonse ndi mainchi, monga momwe amagulitsira matabwa kumsika. A Laban amakhoma timipando ta m'matiirumu, ndipo mwendo uliwonse amaudula pa seventini ndi hafu. Pamalo amenewo pa tepi anakandapo ndi msomali kuti asamavutike kuwerenga. Maziko anali atadula miyendo mazanamazana pa kamzere kameneko. Lero itatu anayeza bwino mbali ya mamilimita, koma pa wachinayi woyang'anira anakuwa kuti kwatsala maola atatu, iye n'kudzidzimuka, diso n'kuthamangira pa kamzere ka malume. Sowo sinafunse, inangodula.

"Asisi, mpando wanuwo utsimphina," anatero Chrispine, mnyamata wa benchi yoyandikana nayo. Anali wa sukulu ina ya ku Soche, wapakamwa koma waluso, zimenezo sitingamumane.

"Samala zako."

"Ine ndikukuthandizani. Dulani kachidutswa, mumate kunsi ndi guluu, mupake utuchi. Sandipepa ikadutsapo ndani aone? Amayi aja maso awo ali pa mabowo olumikizira, sayang'ana kuphazi."

Amayi ajawo anali mayi Marjorie Likoswe, wamkulu wa oweruza, munthu wathupi amene ankayendayenda pakati pa mabenchi ndi rula yachitsulo m'manja, osaseka ndi aliyense.

Maziko sanafunike kuphunzitsidwa za utuchi ndi guluu. Ndi mankhwala a kalipentala aliyense wa m'mbali mwa msewu, ndipo iye ankawadziwa kuposa Chrispine. Anatola kachidutswa ka mbawa pansi, n'kukayika kunsi kwa mwendo uja. Kanakwana bwino, mtundu wake womwewo. Botolo la guluu linali pomwepo, lotsekula kale.

Koma ankadziwanso mathero ake. Guluu sagwira pamutu pa thabwa. Chaka chatha mayi wina wa tiirumu anabwera ku shedi ndi kampando m'manja, chidendene chomata ndi guluu chitagwa patangotha milungu iwiri, kasitomala atatayikiridwa tiyi wotentha pamiyendo. Mayiyo anawalalatira a Laban pamaso pa anthu odikira minibasi, ndipo amene anamata chidendenecho anali Maziko. Manyazi a tsiku limenelo anali asanamuchoke.

Anataya kachidutswa kaja m'mulu wa utuchi, n'kukweza dzanja.

Mayi Likoswe anabwera osafulumira. "Chavuta n'chiyani?"

"Ndadula mwendo umodzi mofupikitsa, madamu. Ndi mamilimita asanu."

"Thabwa lina palibe."

"Ndikudziwa. Ndimafuna ndifunse, ndikadula inayi yonse kuti ifanane, munditsitsa zingati?"

Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kutalika kukaphonya, mamalikisi khumi amapita. Sindichotsera munthu chifukwa choti waulula yekha."

"Chabwino, madamu."

"Wamva bwino? Khumi."

"Ndamva."

Mayiwo atachoka, Chrispine anapukusa mutu. "Inu asisi, kudzipereka nokha kupolisi chonchi? Ku Nsanje akulandireni ndi manja awiri."

Maziko anatembenukira ku benchi yake. Anamanga miyendo itatu ija pamodzi ndi waufupi uja, n'kulemba mzere umodzi ndi sikweya. Kudula mwendo wabwinobwino, umene unayeza molondola, n'kopweteka. Anapuma kamodzi, n'kuyamba kucheka.

Zitatero anadziwa kuti mamalikisi khumiwo ayenera kuwafuna kwina. Anaweramira pa mabowo. Lililonse analigoba ndi tchizulo pang'onopang'ono, akuyesa, akuchotsa, akupalanso, mpaka thabwa lina linkalowa mwa linzake ndi kugogoda kuwiri kokha, osasiya mpata wolowa ngakhale pepala. Anzake anapita kukamwa madzi, iye ayi. Tchizulo inamucheka chala, anangokulunga ndi kansalu kuti magazi asadetse mbawa, n'kupitiriza. Thukuta linkagwera pa benchi. Pamene belu linalira anali akupukuta fumbi la sandipepa ndi malaya ake.

Oweruza anayamba kuzungulira. Mayi Likoswe anali ndi njira yawoyawo: akayeza ndi rula, ankaukhalira mpandowo ndi thupi lawo lonse, n'kudzigwedeza uku ndi uku. Mipando iwiri inalira ngati chitseko chakale. Umodzi unakhadzuka mwendo, holo yonse n'kufa ndi phwete. Wa Chrispine unapirira. Atafika pa wa Maziko anakhalapo, anagwedezeka, anagwedezekanso mwamphamvu. Mpando unangoti zii. Anautembenuza, anayendetsa chala molumikizira monse, n'kulemba pa pepala lawo.

Zotsatira zinatuluka cha m'ma folo. Woyamba anali mtsikana wina wa ku Chirimba, dzina lake Sharon. Wachiwiri Chrispine, ndi 81. Wachitatu Maziko, ndi 78.

Anaperewera ndi mamalikisi atatu okha. Akanamata kachidutswa kaja, bwenzi ali ndi 88, pamwamba pa onse. Anawomba nawo m'manja, koma anakwiya kwambiri, osadziwa kuti akwiyire ndani. Chrispine anabwera kudzamugwira chanza, nthabwala zonse zitamuthera.

"Mabowo anu aja, asisi, ine sindingathe," anatero motsitsa mawu.

Ophunzira analoledwa kutenga mipando yawo. Maziko anakwera nawo minibasi ya ku tauni, kenako ya ku Nancholi, ataufungatira pamiyendo. Anapeza a Laban akulowetsa matabwa m'shedi, dzuwa lisanalowe. Anawafotokozera zonse, osabisa.

A Laban anatenga tepi yawo ija n'kuyeza mwendo umodzi, kenako wina, mpaka yonse inayi.

"Seventini ndi hafu ndendende. Nanga cholakwa n'chiyani pamenepa?"

"Ankafuna mamilimita, malume."

"Mamilimita amakhalidwa?" Anaukhalira, anadzigwedeza, anadzuka n'kuusuzumira kunsi. "Wopanda msomali uwu?"

"Ngakhale umodzi."

"Iwe, bwanji sunangomata? Si ndinakuphunzitsa ine?"

"Munandiphunzitsa. Mwaiwala mayi a tiirumu aja?"

A Laban anakanda kumutu, n'kuyang'ana kumsewu. Munthuyu sanali wouma mtima, koma shedi inalidi yaing'ono. "Ndiye titani? Mayi ako ndiwaimbire?"

"Musawaimbire kaye. Mundipatse mpaka Lolemba."

"Lolemba kuli chiyani?"

"Ndikupita nawo ku fakitale. Oweruza anaona pepala. Eni ake akaone mpando."

"Sanakuitane."

"Sanandiletsenso."

Lolemba m'mawa anatsika minibasi ku Limbe n'kuyenda wapansi, mpando uli pamutu, anyamata oitanira akumufunsa ngati ukugulitsidwa. Pa geti la fakitale anapeza mlonda wachikulire atavala jekete yaikulu ngakhale kunkatentha. Mkati munkamveka makina akulira.

"Ndikufuna kuonana ndi akapitawo a ku mipando, bambo."

"Muli pa mndandanda? Atsopano awiri alowa kale."

"Sindili pa mndandanda."

"Ndiye n'zovuta, mwanawe. Akapitawo satulukira wamba. Mwina pa nkhomaliro, mwina poweruka, mwinanso osatuluka n'komwe. Bwererani, mudzalembe kalata."

"Akamatuluka amadutsa pano?"

"Geti ndi lomweli."

Maziko anatsitsa mpando uja, n'kuuyika pambali pa geti pomwe aliyense wotuluka akanauona. Anaupukuta fumbi ndi chikhatho, n'kukhalapo.