Ulusi Wachitatu wa Kabatani

"Ayi, musakokere onse mbali imodzi!" ndinakuwa, ndikulumpha chikwama chimene wina anasiya panjira. "Wofiira apite kumanja, wobiriwira kumanzere. Alekane!"

Linali Lachitatu m'mawa, ndipo kalasi yanga yolemba mayeso inali itazungulira madesiki m'magulu, gulu lililonse ndi tiziduswa ta ulusi wolukira majuzi. Sabata yathayo tinali titamaliza mayitosisi, kugawikana kwa maselo kumene kumakulitsa thupi ndi kupoletsa bala: selo limodzi limasanduka awiri ofanana ndendende, lililonse ndi makromozomu ake 46, timaulusi tonyamula chibadwa cha munthu. Tsopano tinali pa mayosisi, kugawikana kumene kumapanga dzira la mayi ndi mbewu ya bambo. Pamenepo makromozomu amayamba aima awiriawiri, kenako n'kulekana, kuti dzira litenge 23, mbewu ya bambo itengenso 23, zikadzakumana nambala ikwane. Ulusiwo ndiwo unali makromozomu athu. Ndinkautola m'dengu la zotsala kwa achemwali anga, amene amasoka ndi kuluka.

Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Madamu, nanga m'thupi zikachitikadi kuti onse apite kumodzi?"

Foni inanjenjemera m'thumba mwanga, kachitatu tsopano. Ndinamuuza kuti alembe funsolo kumapeto kwa kope, ndipo ndinatuluka pakhonde.

"Pepala lija latuluka," anatero achemwali, osapereka ngakhale moni. "Bwera."

"Ndili m'kalasi, achemwali. Ndikaweruka..."

"Alamu ako ali pano ndi amayi awo. Bwera panopa."

Ndinasiya choko pawindo, ulusi pamadesiki, ndi bodza la mutu waching'alang'ala kwa ahedi. M'basi ndinakanika kukhala pansi ngakhale malo analipo.

Achemwali anali atabereka masabata atatu apitawo, mwana wawo woyamba, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, atakhala pabanja zaka khumi ndi zisanu anthu akuwaloza ndi milomo. Anali mwana wamkazi. Iwo ankamutcha Kabatani chifukwa cha kamphuno kake. Tsiku loyamba lomwelo, nditamunyamula, ndinaona maso otsetserekera m'mwamba, kalilime kosuzumira panja, ndi thupi lofewa ngati lilibe mafupa. Ndinatambasula kadzanja kake n'kupeza mzere umodzi wokha wodutsa chikhatho chonse. Ndinakafunyanso kadzanjako, n'kunena kuti wafanana ndi malemu amayi athu. Kuchokera tsiku limenelo tulo tanga tinali tapamwamba, ndipo chakudya ndinkadya choimirira.

Ndinawapeza m'chipinda chosokera, kutsogolo kwa nyumba. Madiresi a eni anali lendelende pa waya, simbi ili chilili patebulo. Achemwali anakhala kuseri kwa makina, mwana ali pamiyendo. Apongozi awo anakhala pampando wa makasitomala, chikwama atachikumbatira ngati wina achilanda. Alamu, omwe ndi makaniko, anaima pafupi ndi chitseko atavala ovololo, pepala lili m'manja.

Anandipatsa pepalalo. Linali chithunzi chimene ndachijambula pabolodi kosawerengeka: makromozomu atandandalikidwa awiriawiri ngati timbozi, gulu lililonse ndi nambala yake pansi. Pa nambala 21 panali atatu. Pansi pake adokotala analemba 47, ndi dzina limene amatchulira ana obadwa chotere, Dawuni.

"Kwathu kulibe zimenezi," anatero apongozi, akuyang'ana khoma. "Ndabereka asanu ndi awiri ine. Onse olunga."

"Mayi, tadikirani," anatero alamu. Anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu munapita kusukulu. Adokotala aja amayankhula ngati akuthamangitsidwa, chizungu chokhachokha. Ndiuzeni bwinobwino. Kachitatuko kachokera kuti?"

Manja anga anafuna chogwira. Ndinatenga ulusi m'dengu, ndinauyala pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kuyamba phunziro lomwe ndinalisiya pakati. Ndinaimika tiulusi tiwiri pamodzi. Ndinati dzira likamapangika, awiriwa amayenera kulekana, wina uku wina uku. Nthawi zina amakanirirana, n'kulowa onse m'dzira limodzi. Likakumana ndi mbewu ya bambo, yomwe yabweretsa wake mmodzi, amakhala atatu. Kuchokera pamenepo selo lililonse la mwana limangokopera zimene lapeza, mokhulupirika, mpaka thupi lonse. Ndinawonjezera mofulumira kuti zomwezo zimatha kuchitika ku mbewu ya bambo.

"Zimatha," anatero alamu. "Chabwino. Koma mwa ana khumi obadwa chonchi, ndi angati zimachokera kwa bambo?"

"Sizofunika kwenikweni, alamu, chifukwa..."

"Angati?"

Ndinayang'ana achemwali. Anali akukonza kachipewa ka mwana, kamene kanali kale bwinobwino.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Zimene umauza ana a eni kusukuluko, auzenso awa."

Ndikanatha kunena kuti theka ndi theka. Palibe m'chipindamo akanakatsegula buku. Mawuwo anafika mpaka pa lilime, koma zaka khumi ndi zitatu zodula ana malikisi chifukwa cha nambala yolakwa zinandiletsa.

"Mmodzi," ndinatero. "Pafupifupi mmodzi. Enawo zimachokera ku dzira."

Apongozi anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha. Wanena ndi m'bale wake."

"Koma mundimvetse!" Mawu anga anakwera ngati ndili kutsogolo kwa ana makumi asanu. "Dzira limenelo silinapangidwe chaka chatha. Mazira onse a mkazi amayamba kugawikana iye mwini ali m'mimba mwa mayi ake, asanabadwe n'komwe. Amaima panjira, makromozomu ali awiriawiri chomwecho, n'kumadikira. Ili ladikira zaka makumi anayi ndi ziwiri. Si chimene achemwali anadya, si kumene anaponda, palibe anawalodza, palibe amene anayenda naye. Ngati mukufuna woimba mlandu, kaimbeni khanda limene linali lisanaone dzuwa!"

Alamu anatenga pepala lija m'manja mwanga, analipinda kanayi mosamala, n'kuliika m'thumba la pachifuwa. Anayang'ana mwanayo kanthawi kochepa, ngati munthu woyang'ana m'chitsime, kenako anatuluka. Amayi awo anawatsatira, nsapato zikulira pakhonde.

Ndinayamba kutolera ulusi uja, kuti manja apeze ntchito.

"Unadziwa liti?" anafunsa achemwali.

"Sindinali wotsimikiza..."

"Iwe. Ndinakusambitsa ine. Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Masabata atatu. Ukubwera muno, ukumunyamula, ukumuimbira, ukundiuza kuti wafanana ndi amayi. Ine ndikudabwa ndekha kuti bwanji sakuyamwa ngati ana a anzanga, ndikumadziuza kuti mwina mabere anga ndi okalamba. Kwa ine unatseka pakamwa. Lero pamaso pa apongozi anga ndiye wapeza mawu onse, ndi nambala zomwe."

"Munati ndinene."

"Ndinatero. Bwerera kusukulu kwako."

Anagoneka mwana m'kabedi kake, anaponda makina, ndipo phokoso lake linandiperekeza mpaka pamsewu.

Masiku asanu ndi atatu otsatira sindikuwakumbuka mwadongosolo. Alamu anasamukira kwa amayi awo, atangotenga malaya awiri. Achemwali sankayankha foni. Ine ndinkafika kusukulu mlonda asanatsegule geti, ndikuchonga makope n'kupeza kuti ndapatsa mwana mmodzi malikisi kawiri. Ndinatsitsa mabuku onse a m'kabati ya labu, ngakhale aja odyedwa ndi njenjete, kufunafuna limodzi lonena nambala ina. Onse ankagwirizana. Mtsikana uja anandikumbutsa funso lake, ndipo ndinamuuza kuti silibwera pamayeso. Ndikaweruka sindinkakwera basi. Ndinkayenda wapansi njira yozungulira, yodutsa kutsogolo kwa shopu ya achemwali, n'kuona katani yotseka, kenako yodutsa pa galaja ya alamu, n'kuona magalimoto otsegula kukamwa. Konseko ndinkangodutsa ngati ndikuthamangira kwina.

Lachinayi masana uthenga wa achemwali unalowa: "Mawa 9 koloko akukamuyeza mtima. Udzanyamule chikwama cha matewera."

Ndinkadziwa chifukwa chake. Pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima. Nambala imeneyo sindinauze munthu.

Tsiku limenelo ndinalowa m'galaja. Alamu anali pansi pa lole, kukuoneka miyendo yokha.

"Alamu, ndine."

Sipanala inasiya kulira.

"Mawa 9 koloko, kuchipatala chachikulu, mbali ya ana. Akukamuunika mtima. Sindinatumidwe."

Ndinadikira. Ndinayang'ana nsapato zawo, imodzi yomangidwa ndi waya m'malo mwa chingwe. Patapita nthawi sipanala inayambiranso, ndipo ndinatuluka.

M'mawa mwake tinakhala pa benchi la m'khonde la chipatala, ine ndi achemwali, chikwama chili pakati pathu. Kunena zoona, amene anakhaladi pansi ndi iwo okha. Ine ndinapita kukawerenga zikwangwani zonse za pakhoma, ndinabwerera, ndinapita kukafunsa anesi ngati dzina lathu lilipo, ndinabwereranso, maso ali kuchitseko cholowera.

"Takhala pansi, ukundizunguza mutu," anatero. "Uli ndi nsikidzi m'siketimo?"

Ndinakhala. Kabatani anali maso, akuyamwa chibakera chake.

"Zija unanena zija," anatero achemwali, osandiyang'ana. "Zoti dzira linayamba ine ndili m'mimba mwa amayi. Unkangofuna kutseka pakamwa apongozi, kapena n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye kuti pamene ndinkapita kusukulu, mwanayu analipo."

"Theka lake."

"Pamene ndinkalira m'bafa mwezi uliwonse, zaka zonse zija, analipo. Akungondimvera." Anapukuta dovu pachibwano cha mwanayo ndi chala. "Mwana wamwano iwe. Mayi ako akukufunafuna m'zipatala zonse, iwe uli phee m'nyumba momwemo."

Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira, ndipo anandiponyera thewera loyera kuti ndipukutire nkhope.

"Sindinakukhululukire," anatero. "Ndangosowa wonyamula chikwama."

Anatiitana itadutsa 10 koloko. M'kachipinda kamdima adokotala anapaka mwanayo mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, ndipo pa sikirini panaoneka kanthu kotuwa, kakutseguka ndi kutseka mofulumira. Anayeza, anajambula, anayezanso. Kenako anatiuza kuti pakhoma la pakati pa mtima pali kabowo kakang'ono, kamene kamachititsa kaphokoso magazi akamadutsa. Anati timabowo totere nthawi zambiri timatsekeka tokha mwana akamakula, koma sangalonjeze. Tibwerenso pakatha miyezi itatu.

Titatuluka tinawapeza alamu ataima pakati pa khonde, anthu akuwalambalala mbali zonse. Anali mu ovololo yomwe ija, koma manja anali atawakwecha mpaka kufiira. Apongozi panalibe.

Achemwali anaima, mwana ali m'manja. Sanawapatse moni.

"Akuti bwanji?" anafunsa alamu, akuyang'ana ine.

"Afunseni eni ake," ndinatero.

Anatembenukira kwa achemwali. "Mayi a mwana, akuti bwanji?"

"Akuti kabowo. Kakang'ono. Mtima ukumveka kaphokoso."

"Phokoso lotani? Logogoda kapena lopemerera?"

"Ndidziwa bwanji ine? Mukanabwera 9 koloko mukanawafunsa nokha."

Alamu anayang'ana chitseko cha adokotala, chimene chinali chitatsekedwa kale, wina atalowa. Anayang'ana manja awo. Kenako anagwada pomwepo, pa simenti ya m'khonde, patsogolo pa achemwali. Anatsegula shawelo ndi zala ziwiri, anakweza kamalaya, n'kugunditsa khutu pa chifuwa cha mwanayo, pamene panali ponyezimirabe ndi mafuta a adokotala. Anatsinzina.

Nesi wina ankabwera ndi tebulo lamatayala, mabotolo akugundana. Alamu, osatsegula maso, anakweza dzanja limodzi m'mwamba kuti aime kaye, ndipo nesiyo anaima. Kabatani anatulutsa chibakera m'kamwa, chonyowa chomwecho, n'kuwagwira tsitsi.