Njuchi za a Tionamawa

"Odi kuno a kalipentala! Tabwera ndi zotsekemera, tabweranso ndi wodwala."

Kalipentala anapitiriza kupala thabwa ngati sanamve, chonsecho mawuwo anawazindikira bwino. Anali a mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, amene dera lonse linkawatchula kuti a Tionamawa chifukwa ntchito iliyonse ankaikankhira ku mawa. Denga la nyumba yawo linali litadontha mvula zitatu, eni ake akungoti tiona mawa.

A Tionamawa anaika botolo la uchi pa benchi, pakati pa utuchi, kenako anatulutsa m'thumba chofukizira njuchi. Chinali cha gulu lonse la oweta njuchi, chimodzi chokhacho pa mabanja makumi atatu, ndipo kathabwa ka mvukuto wake kanali katang'ambika pakati.

"Uchiwo ndi wa ana. Wodwala ndi uyu. Mutithandize msanga, alamu, ming'oma yanga itatu yadzaza moti nthambi zikuchita kudandaula."

"Ndamva. Mudzabwere Lachisanu."

Mawu akuti "yadzaza" anamulasa kalipentala pamtima penipeni. Zaka ziwiri zapitazo, a ofesi ya nkhalango analetsa kuotcha makala ndi kucheka matabwa, chifukwa mapiri anali atayamba dazi ndipo mitsinje inkakokolera matope m'nyanja, n'kukwirira malo oswanirana nsomba. Kuti anthu asafe ndi njala, banja lililonse linapatsidwa mitengo isanu m'nkhalangomo yopachikamo ming'oma, ndi chitupa cholowera. Ming'oma yonseyo anakhoma ndi kalipentala yemweyu. Yake isanu anaisankhira matabwa abwino, anaipala mpaka kuterera, anaipaka mankhwala a chiswe kunja ndi m'kati, n'kumalizira ndi vanishi. Mlamu wake, poti anabwera mochedwa monga mwa nthawi zonse, anamukhomera ya zotsalira, yopindika, ina yoonekera kuwala m'mbali.

Koma njuchi zilibe ulemu. Zinadutsa ming'oma yonyezimira ija n'kukadzaza yopindika yonse isanu. Mwa kalipentala munalowa akangaude ndi buluzi mmodzi. Ndipo mlangizi wa ku ofesi anali atanena kale pa msonkhano kuti mitengo imene ming'oma yake idzakhale yopanda njuchi mvula ikamadzagwa idzapatsidwa kwa mabanja ena amene akudikira.

A Tionamawa sanachoke msanga. Anakhala pa mpando wosatha kukhoma n'kuyamba kugwedeza mwendo.

"Dzulo ndinadutsa pa mitengo yanu, alamu. Kukongola kokha, eee, ngati makabati a m'nyumba ya bwana. Koma ndinunkhize, fungo lake ngati sitolo ya penti. Paja amati chikomekome cha mkuyu. Njuchi zimadana ndi mankhwala amenewo. Bwanji mungokhoma ina ya matabwa wamba, ine ndikupatseni phula mupakemo?"

Anyamata awiri amene ankadikira zitseko zawo anaseka. Kalipentala anaika puleni yake yopalira pansi.

"Inu mundiphunzitse ine za matabwa? Munthu wolephera kukhoma lata limodzi pa denga?"

"Aaa, wakutsina khutu ndi mnansi, alamu," anatero a Tionamawa akuseka, n'kunyamuka. Munthuyo sankadziwa kukwiya, ndipo chimenechonso chinkamunyansa kalipentala.

Chofukiziracho anachikonza masana omwewo, chifukwa manja ake sankatha kuona chinthu chothyoka n'kuchisiya. Anadula kathabwa katsopano, anakhomerera chikopa, anachipopa kawiri, mpweya unatuluka bwinobwino. Atatero anaima nacho m'manja kwa kanthawi. Kenako anachilowetsa pansi pa benchi, kuseri kwa zitini za guluu, n'kuchiphimba ndi chiguduli.

Kunyumba anapeza botolo lija, limene ana anakatenga ku shedi, lafika kale pakati. Ana anali nyambunyambu zala, mkazi wake akuwathandiza.

"Talawani abambo, uchi wake ngwonunkhira maluwa. Alamu anu aja kaya anasamba chiyani. Akutitu mlangizi akufuna azikaphunzitsa magulu a kutsidya kwa nyanja."

"Aphunzitse chiyani? Kugona? Ming'oma imeneyo ndinakhoma ndine. Iwo anangopachika, ndiye mokhota."

"Nanga njuchi zimafunsa wokhoma?" Mkaziyo anamuyang'ana m'maso. "Abambo, nsanje imaonekatu pankhope ngati chikuku."

Tsiku limenelo kalipentala sanalawe uchi. Kunena zoona, nsanje inali itamudya. Iye amene ankadzuka tambala asanalire, amene manja ake anali zipsera zokhazokha, lero azitchedwa mlamu wake wa katswiri wa njuchi? Anthu ankati akakumana naye panjira amamufunsa za a Tionamawa asanamufunse za ana ake.

Lachisanu a Tionamawa atabwera, kalipentala anati timisomali ting'onoting'ono tasowa. Sabata yotsatira anabwera mlongo wake uja, mkazi wa a Tionamawa, mwana ali kumsana. Anakhala pansi pafupi ndi benchi n'kumayamwitsa, kalipentala akufotokoza kuti chikopa chimene anapeza n'cholimba kwambiri.

"Achimwene, njuchi zikadzaza mng'oma zimasamukatu," anatero mlongoyo motsitsa mawu. "Kwathu uchi umenewu ndiye munda, ndiyenso ukonde. Chitsekereni nyanja kuti nsomba ziswane, bambo a ana alibe pena pogwira."

"Ndati ndikonza. Kodi ndakana?"

Mlongoyo anaimirira. Anabereka mwana n'kumapita.

Inali nyengo yotentha, udzu uli gwa, moti lamulo la gulu linali loti moto wa lawilawi usalowe m'nkhalango ngakhale wa ndudu. Patapita masiku atatu, m'mawa, kalipentala akutsegula shedi yake, anaona a Tionamawa akudutsa chakumunsi. Ananyamula ndowa ziwiri, ndipo m'khwapa munali mtolo wa udzu womangidwa bwino ngati muuni wofukizira njuchi. Ankayenda mozemba, kwinaku akucheuka.

Kalipentala akanatha kukuwa. Chofukizira chinali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene anaima. Mtima wina unamuuza kuti aitane, koma mtima winawo unali ndi mawu akulu. Anatseka shedi, anakwera njinga, n'kulunjika ku ofesi ya nkhalango.

Anapeza mlangizi akupachika mapu pa khoma. Anali mayi wosachulutsa mawu.

"Amayi, ine sindikunena munthu ayi," anayamba kalipentala, chipewa chili m'manja. "Ndikungodera nkhawa nkhalango yathuyi. Moto ukabuka pano tonse tapsa, nyanja yomwe. Ndiye mwina alonda akangoyendera cha ku mitengo ya kumtsinje."

"Mwaona ndani?"

"Maso anga ndi okalamba. Koma mtolo wa udzu ndauona."

Alonda anawapeza a Tionamawa ali m'munsi mwa mtengo, muuni ukuyaka m'manja, ndowa imodzi itadzaza zisa. Palibe chinapsa, chifukwa anali atalambula pansi ponse n'kuika ndowa ya madzi pambali. Koma lamulo ndi lamulo. Anawalanda chitupa kwa chaka chathunthu, ndipo nkhani yokaphunzitsa kutsidya inathera pomwepo.

Kalipentala ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi. Tsiku loyamba anaimbadi mluzu akucheka thabwa. Tsiku lachiwiri mluzu unakana.

Lamlungu masana a Tionamawa anafika kunyumba kwake ndi mkazi wawo. Munthu wa nthabwala uja anali atafota ngati masamba a dzana. Anakhala pakhonde, chipewa chotchinga njuchi chili pamiyendo.

"Alamu, ndalakwa ndine, sindinamizira munthu. Ndinaona njuchi zayamba kuunjikana panja, ndinati zindithawa. Moyo wanga wonse ndimati tiona mawa, tsiku limodzi lokha limene ndafulumira ndi limeneli." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Mlangizi akuti ming'oma sailanda ngati pali wachibale wa chitupa woisamalira. Pafunika kupaka girisi pa mawaya opachikira ming'oma kuti linthumbu lisakwere, kulambula pansi, ndi kufula nthawi ikakwana. Mukatero akuti mitengo yanunso sakulandani, poti mukhala mukugwira ntchito m'nkhalango. Uchi tizigawana pakati."

"Bwanji osapempha ena?" anafunsa kalipentala.

"Ena ati? Amene anakandinenera ali m'gulu momwemo, kaya ndani. Ine munthu amene ndingamusiyire njuchi zanga n'kugona tulo ndinu nokha. Mumakalipa, inde, koma chinthu m'manja mwanu sichifa."

Anamuika chipewacho m'manja, ndipo kalipentala anachilandira chifukwa panalibe pothawira. Zonse zimene ankasirira zinali zitabwera zokha pakhomo pake, uchi, njuchi, mitengo yake yomwe.

Potsanzikana, mkazi wa kalipentala anatsogola ndi a Tionamawa kukawaperekeza. Mlongo uja anatsalira ngati akumanga bwino nsalu ya mwana. Anadikira kuti enawo afike pamsewu.

"Achimwene, tsiku lija ndinkayamwitsa mu shedi mwanu ndinakhala pansitu. Munthu akakhala pansi amaona za pansi pa benchi. Chinali chokonza kale."

Kalipentala anatsegula pakamwa, koma mlongoyo anakweza dzanja.

"Njinga yanunso ndinaiona m'mawa uja, ndikuchokera kotunga madzi. Bambo a ana sindiwauza. Amakukondani, ndipo sindifuna kuwalanda zimenezonso, zakwana zimene alandidwa." Anakoka mfundo ya nsalu n'kuilimbitsa pachifuwa. "Uchiwo muzikadya bwino, achimwene."

Anapita osacheuka.

M'mawa mwake kalipentala anatulutsa chofukizira pansi pa benchi n'kukachisiya kwa mlembi wa gulu. Kenako anatenga chitini cha girisi ndi khasu, n'kulowa m'nkhalango. Chipewa chija anachisiya dala pa msomali. Anafika pa mitengo ya kumtsinje dzuwa litakwera, njuchi zili piringupiringu pa timakomo ta ming'oma yopindika ija. Analambula pansi, anapaka girisi waya uliwonse, nkhope ili pafupi penipeni ndi khomo la mng'oma, akudikira.

Njuchi zinkangomudutsa, kupita ku maluwa ndi kubwerako. Anagwira ntchito pa mitengo yonse isanu, ndipo sinamulume ngakhale imodzi.