Mphindi Zitatu za a Sipke

"Mphindi zitatu, ababa. Zitatu zenizeni, osati zitatu zanu zija," anatero Marrit, akuwakhazika bambo ake pa mpando wakutsogolo mu holo ya khonsolo ya Reidsum.

"Iwe, ukundiyesa mwana?" anayankha a Sipke Bruinsma. "Ndayankhula pa maliro angati m'mudzi muno?"

"N'zimene ndikuopazo. Pa maliro a amalume, abusa anachita kukulandani maikolofoni."

Nkhani inali ya basi ya 2 koloko masana. Khonsolo inkafuna kuichotsa ati imayenda yopanda anthu, kuti itsale ya m'mawa ndi ya madzulo. Koma basi imeneyi ndiyo inkawafikitsa a Sipke tsiku lililonse ku nyumba yosamalira okalamba kumene kunali akazi awo, a Aukje. Njinga adokotala anawaletsa, ndipo Marrit ankagwira ntchito kutali ku Groningen. Tsiku limenelo anachita kupempha tchuthi kuti adzawagwire bambo ake pakamwa.

Kwathu kuno malamulo a msonkhano sasekererana nawo. Woyankhula amauza wapampando yekha, kuwomba m'manja n'koletsedwa, ndipo patsogolo pamakhala kanyale. Kakayaka kobiriwira yamba, kachikasu mangirira, kofiira maikolofoni thi! Wapampando wake, a meya mayi Hiemstra, ngakhale utalira misozi sangakuwonjezere sekondi.

Itangokwana 2 koloko anawaitana. Marrit anawapatsa kapepala ka mizere isanu. Iwo anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba.

"A wapampando, zikomo. Makhansala nonse, zikomo. Aa, Douwe! Ndiwe khansala tsopano? Bambo ako tinkakama nawo ng'ombe…"

"Kudzera kwa wapampando, bambo Bruinsma," anatero a meya.

"Pepani. A wapampando, mumuuze Douwe kuti bambo ake anali munthu wabwino. Tsono kuti nkhani ya basiyi imveke, tiyambire 1958, msewu uja uli matope okhaokha."

Kalanga ine! Holo yonse inausa moyo. Marrit anabisa nkhope m'chipewa. A Sipke anafotokoza za ng'ombe imene inagwera m'ngalande, amuna asanu ndi mmodzi amene anaikoka, ndi mayina awo onse. Kanyale kachikasu kanawapeza ali mu 1963, chaka cha kuzizira koopsa. Marrit anatsokomola mwadala mpaka mayi wina anamupatsa switi. Kofiira kanayaka basi isanatchulidwe n'komwe.

Poti makutu awo samva bwino, sanadziwe kuti maikolofoni yazimitsidwa. Anapitiriza kugwedeza manja, pakamwa pakuyenda, ife osamva kanthu, mpaka mlembi anapita kukawagwira paphewa.

"Nthawi yatha," anatero a meya.

"Yatha? Komatu sindinayambe!"

Apa kuseka kunatithera. Nkhalamba ija inaima chilili, ikuyang'ana kanyale, kenako mwana wake. Ine, mnansi wawo, zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndinkadziwa chimene ataya.

Komatu pali kamwambo kena. Munthu akamaliza, wapampando amafunsa ngati khansala wina ali ndi funso, ndipo yankho lake silikhala ndi kanyale. Makhansala onse ankawadziwa a Sipke, choncho aliyense anaweramira m'kapu yake ya khofi. Kufunsa a Sipke funso? Ungagone pomwepo.

Dzanja limodzi linakwera. Anali Nynke Algra, khansala watsopano, wobwera kumene m'mudzi muno.

"Mayo, tapsa," ananong'ona Douwe. "Tsitsa dzanjalo, mwana iwe!"

"A wapampando," anatero Nynke, "ndifunse bambowa. Ya m'mawa ndi ya madzulo zikhalapobe. Chavuta n'chiyani kukwera zimenezo?"

A meya anayatsa maikolofoni monyinyirika, chala osachichotsa pa batani. Ena anayamba kumasula mataye.

A Sipke anayandikira maikolofoni.

"M'mawa amakhala akumusambitsa ndi kumumwetsa mankhwala," anatero. "Madzulo mutu wake umasokonekera, amandifunsa kuti ndine yani. Aukje amandidziwa masana okha. Lero wandidikira pawindo pachabe, poti ndili kuno."

Anabwerera pa mpando wawo. Basi, osawonjezera ngakhale ng'ombe imodzi.

Palibe anatsokomola. A meya anachotsa chala pa batani, n'kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Muli ndi zowonjezera, bambo Bruinsma?" anafunsa. Zaka khumi ndi chimodzi ali pa mpandowo, funso limeneli anali asanafunsepo munthu.

"Ayi, mayi. Ndatha."

Douwe anaimirira n'kupempha kuti basi ya masana isachotsedwe, ndipo a meya anati ogwirizana nazo akweze manja. Anakwera manja khumi ndi asanu mwa khumi ndi asanu ndi awiri. A Sipke sanawaone. Anali kale pakhomo, jekete atavala mkono umodzi, akumukoka Marrit.

"Galimoto waimika pati? Fulumira, mwana wanga, mwina timupeza akundidziwabe."